Ana 12 ndi Sikelo ya Mtolankhani

Pa 26 Febuluwale 1998 atolankhani a nyuzipepala, a wailesi ndi a kanema adaitanidwa ku chipatala cha Royal Free mu mzinda wa London. Kumeneko adauzidwa kuti madokotala a pachipatalapo apeza chinthu chatsopano chokhudza ana, ndi kuti zimene apezazo zisindikizidwa patapita masiku awiri mu The Lancet, magazini ya zachipatala imene idayamba kutuluka m'chaka cha 1823 ndipo imalemekezedwa pa dziko lonse. Pamsonkhanopo dokotala wina, dzina lake Andrew Wakefield, adanena kuti iye sangavomereze kuti ana apitirize kulandira katemera wa MMR kufikira nkhaniyo itafufuzidwa mokwanira. Katemera ameneyu amateteza mwana ku matenda atatu pa jekeseni imodzi: chikuku, matsagwidi ndi rubella, nthenda yonga chikuku imene imapundula mwana ali m'mimba ngati mayi aidwala ali ndi pakati. Wakefield adalangiza kuti katemerayo agawidwe patatu, mwana azilandira mmodzimmodzi, chaka ndi chaka.

Kulankhula mawu amenewa kudatenga mphindi zowerengeka, koma kuwabweza kudatenga zaka 12. M'zaka zimenezo ana ambirimbiri adakula opanda katemera. Ena adadwala, ena adamwalira. Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati mbiri ya dokotala wosakhulupirika, ndipo n'zoona kuti pomaliza adapezeka wosakhulupirika. Komatu dokotala mmodzi sangathe kulowa yekha m'nyumba za anthu mamiliyoni. Amene adamulowetsamo ndi atolankhani, ndipo ambiri mwa iwo sadalembe bodza ngakhale limodzi. Adalemba mokhulupirika zimene uyu adanena ndi zimene uyo adayankha. Chimene adalephera ndicho kuuza wowerenga kulemera kwa umboni wa mbali iliyonse. Pa nkhani za sayansi, kulondola kwa mtolankhani sikuthera pa kubwereza bwino mawu a anthu. Kumafika pa kuyeza chimene chili kumbuyo kwa mawuwo.

Zimene zidalembedwa

Nkhani ya mu The Lancet idalembedwa ndi anthu 13 ndipo inkafotokoza za ana 12, anyamata 11 ndi mtsikana mmodzi, a zaka za pakati pa 3 ndi 10. Anawo ankavutika m'mimba, ndipo ambiri ankaonetsa zizindikiro za autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi anzake. Pa ana 8 mwa anawo, makolo kapena dokotala wa mwanayo adanena kuti zizindikirozo zidayamba mwanayo atangolandira katemera wa MMR. Umboni wonse wokhudza katemera udali womwewo. Olembawo adavomereza okha m'nkhani yomweyo kuti sadatsimikize kuti pali kugwirizana pakati pa katemerayo ndi matendawo. Za kugawa katemera patatu munalibemo ndi pang'ono pomwe. Amenewo adali maganizo a Wakefield yekha, olankhulidwa pakamwa pamaso pa makamera.

Chenjezo lidalipo kuyambira tsiku loyamba. M'magazini yomweyo mudatuluka ndemanga ya akatswiri awiri a za katemera a ku United States, Robert Chen ndi Frank DeStefano, imene idaonetsa kufooka kwa kafukufukuyo ndi kuchenjeza kuti mantha opanda maziko angathe kubweza matenda amene adagonjetsedwa kale. Mkulu wa sukulu ya udokotala ya pa Royal Free, Pulofesa Arie Zuckerman, amene adatsogolera msonkhano wa atolankhani uja, adapempha makolo kuti asasiye kupereka ana awo ku katemera. Chotero mtolankhani amene adawerenga masamba ochepa aja, osangomvera za pamsonkhano, adali nazo kale zokwanira kuti adziwe kuti mawu a dokotalayo adapitirira kutali zimene adapeza. Ntchito yoyamba ya wolemba za sayansi ndi imeneyi: kuwerenga yekha chimene chasindikizidwa, ndi kusiyanitsa chimene wofufuza wapeza ndi chimene wofufuza akuganiza.

Chifukwa chake ana 12 sakwanira

Womvera angafunse kuti, ngati makolo 8 adaona ndi maso awo mwana akusintha atalandira jekeseni, umenewo si umboni kodi? Yankho lagona pa msinkhu wa mwana. Katemera woyamba wa MMR amaperekedwa mwana atangopitirira chaka chimodzi. Zizindikiro za autism nazonso zimayamba kuoneka bwino m'chaka chachiwiri cha moyo, pamene makolo akuyembekeza kuti mwana ayambe kutchula mawu. Ku Britain pa nthawiyo kunkabadwa ana pafupifupi 700,000 pa chaka, ndipo ana 9 pa ana 10 aliwonse ankalandira katemerayo. Pa khamu lotere sikungalephere kupezeka ana ambiri amene zizindikiro zawo zidaonekera patangopita masiku kuchokera pa jekeseni, ngakhale jekeseniyo ikadakhala ya madzi okhaokha. Mwana amayamba kuyenda atamera mano, koma si mano amene amamuyendetsa.

Pofuna kudziwa ngati chinthu china chikuyambitsa chinzake, akatswiri amayerekeza magulu awiri: ana amene adalandira katemera ndi ana amene sadalandire. Vutolo likachuluka m'gulu loyamba kuposa lachiwiri, pamenepo ndiye pali chofunika kufufuza. Kafukufuku wa ku Royal Free adalibe gulu loyerekezera. Anawo sadatengedwe mwachisawawa pakati pa ana onse. Adabwera kuchipatalako chifukwa adali kale ndi mavuto amene madokotalawo ankafuna kuona. Nthawi imene zizindikiro zidayamba idachokera pa kukumbukira kwa makolo, patapita miyezi kapena zaka. Kholo limene mwana wake wasiya kulankhula limafunafuna chifukwa usana ndi usiku, ndipo tsiku la jekeseni ndi tsiku losaiwalika. Pamenepa palibe wonama, koma chikumbukiro cha munthu wosweka mtima sichingasenze chokha mlandu waukulu chotere.

Nkhani ya mtundu uwu ili ndi malo ake m'sayansi. Dokotala akaona chachilendo mwa odwala owerengeka, amalemba kuti anzake adziwe ndi kufufuza. Kumeneko ndi kufunsa funso. Kuyankha ndi ntchito ina, yotenga nthawi ndi yofuna anthu ambiri.

Yankho la akatswiri ena

Mayankho sadachedwe. M'mwezi wa Malichi 1998 bungwe la Medical Research Council lidasonkhanitsa akatswiri oposa 30 amene adaunika umboni wonse napeza kuti palibe chosonyeza kugwirizana kuja. M'chaka cha 1999 Pulofesa Brent Taylor, wa pa Royal Free pomwepo, ndi anzake adasindikiza mu The Lancet kafukufuku wa ana 498 a autism a m'chigawo cha North Thames. Adapeza kuti chiwerengero cha ana otere sichidalumphe pamene katemera wa MMR adayamba kuperekedwa ku Britain m'chaka cha 1988. M'chaka cha 2002 akatswiri a ku Denmark, dziko limene limasunga kaundula wa zaumoyo wa nzika iliyonse, adatsata ana 537,303 obadwa kuyambira 1991 mpaka 1998, ndipo autism sidachuluke mwa olandira katemera kuposa mwa osalandira. Ku Japan katemera wa MMR adasiyidwa m'chaka cha 1993 pa chifukwa china, koma kafukufuku wa mu mzinda wa Yokohama, wosindikizidwa mu 2005, adaonetsa kuti chiwerengero cha ana opezeka ndi autism chidapitirira kukwera ngakhale katemerayo kunalibe.

Sikelo idali yotere: mbali imodzi ana 12 osankhidwa, mbali inayo ana oposa theka la miliyoni. Funso lofunika ndi lakuti, kodi anthu a ku Britain adaionadi sikeloyo m'nyuzipepala zawo?

Mmene nkhani idayendera

Chodabwitsa n'chakuti phokoso lalikulu silidabwere mu 1998, koma mu 2001 ndi 2002, umboni wotsutsa utachuluka kale. M'mwezi wa Disembala 2001 nduna yaikulu ya Britain, Tony Blair, idakana kunena ngati mwana wake wamng'ono adalandira katemera wa MMR, ponena kuti zimenezo n'za m'banja. Kuyambira pamenepo nkhaniyo idachoka m'manja mwa atolankhani odziwa za sayansi ndi zaumoyo, nigwera m'manja mwa olemba za ndale, olemba ndemanga ndi olemba nkhani wamba. Funso lidasintha. Poyamba lidali lakuti, kodi katemerayu ali ndi vuto? Tsopano lidasanduka lakuti, kodi boma likubisa chiyani?

Atolankhani ambiri adatsata lamulo limene adaphunzira pa ntchito yawo, lakuti pa mkangano uliwonse mbali zonse ziwiri zimveke mofanana. Pa nkhani za ndale lamuloli n'labwino, pakuti zipani zikatsutsana za msonkho, woweruza ndi wovota, ndipo ayenera kumva onse. Koma funso lakuti kodi katemera amayambitsa matenda silithetsedwa ndi voti. Lili ndi yankho, ndipo yankholo limapezeka powerenga ana. Wailesi ikapereka mphindi zitatu kwa wonena kuti katemera ngwoopsa ndi mphindi zitatu kwa wonena kuti ngwabwino, womvera amachoka ndi chithunzi chakuti akatswiri agawanika pakati, chonsecho mbali ina kuli munthu mmodzi ndi otsatira ake ochepa, mbali inayo kuli pafupifupi onse amene adafufuza nkhaniyo.

Zimenezi zidayezedwa. Akatswiri a sukulu ya utolankhani ya pa yunivesite ya Cardiff adasanthula nkhani za MMR za m'chaka cha 2002 nafunsanso anthu wamba zimene adatolapo. Lipoti lawo la mu 2003 lidaonetsa kuti anthu oposa theka la ofunsidwawo ankakhulupirira kuti umboni wa mbali ziwirizo ngwofanana kulemera. Anthuwo sadamve molakwa. Adamva bwino lomwe zimene kaonekedwe ka nkhanizo kankawauza.

Ngakhale kufanana kwa mphindiko kudali kwa maina chabe. Kawirikawiri mbali imodzi kunkakhala mayi akulira, atanyamula chithunzi cha mwana wake, pamene mbali inayo kunkakhala mkulu wa ku unduna wa zaumoyo, wovala suti, akutchula ziwerengero. Mtima wa munthu aliyense umapita kwa mayiyo, ndipo nkoyenera kutero. Koma mayi wa mwana amene sadadwale chikuku chifukwa cha katemera saoneka pa kanema, pakuti kwa iye palibe chimene chidachitika. Katemera akagwira ntchito yake sasiya nkhope yoti ijambulidwe. Mtolankhani wosazindikira zimenezi amakondera mbali imodzi iye akudziyesa wosakondera. Ndipo makolo a ana a autism nawonso adalakwiridwa, pakuti ambiri adatha zaka akudziimba mlandu wakuti ndiwo adapundula ana awo powatengera ku jekeseni.

Chifukwa chake atolankhani adakayika

Kungakhale kusalungama kunena kuti atolankhaniwo adachita zonsezi chifukwa cha ulesi kapena kufuna kugulitsa nyuzipepala kokha. Adali ndi zifukwa zokayikira akuluakulu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 mankhwala a thalidomide, amene ankaperekedwa kwa amayi apakati ngati osaopsa, adachititsa ana zikwizikwi kubadwa opanda manja kapena miyendo yokwanira, ndipo ndi nyuzipepala ya The Sunday Times, pansi pa mkonzi Harold Evans, imene kuyambira 1972 idamenyera nkhondo mabanjawo kuti alipidwe moyenera. Chinanso chidali chaposachedwa. M'chaka cha 1990 nduna ya zaulimi, John Gummer, idapereka nyama ya ng'ombe kwa mwana wake pamaso pa makamera pofuna kuonetsa kuti matenda a misala ya ng'ombe sangagwire anthu. Mu Malichi 1996 boma lidavomereza m'Nyumba ya Malamulo kuti matendawo akuoneka kuti afika kwa anthu. Msonkhano wa ku Royal Free udachitika pasanathe zaka ziwiri chichitikire zimenezo. Boma litanenanso kuti palibe choopsa, atolankhani ambiri adakumbukira ng'ombe zija.

Apa ndi pamene pali kuvuta kwenikweni kwa ntchitoyi. Nthawi zina munthu woima yekha ndiye amakhala wolondola, ndipo mtolankhani amene angangokhulupirira zonse zonenedwa ndi boma kapena makampani a mankhwala wataya ntchito yake. Nanga angasiyanitse bwanji wochenjeza woona ndi wosocheretsa? Sangasiyanitse poyang'ana kulimba mtima kwa munthuyo, ngakhale poona kuti akuluakulu akumuda, pakuti onse awiri amaoneka chimodzimodzi pa zimenezi. Kusiyana kumaoneka pamene ena ayesa kubwereza zimene iye adapeza. Pa thalidomide, madokotala a m'maiko osiyanasiyana atayamba kufufuza, umboni unkakula mwezi ndi mwezi. Pa MMR, kafukufuku wamkulu aliyense ankabwera chimanjamanja. Cholakwa cha atolankhani sichidali kukayika. Chidali kukayikira mbali imodzi yokha: boma adalifunsa mafunso onse, koma dokotala uja sadamufunse. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Mtengo wake

Chikuku ndi imodzi mwa nthenda zofala msanga kuposa zonse. Pa anthu 10 opanda chitetezo amene akhala pafupi ndi wodwala, pafupifupi 9 amaitenga. Kuti isafalikire, pamafunika kuti anthu 95 pa 100 aliwonse akhale otetezedwa, ndipo khamu limenelo ndilo limatchinjiriza makanda osafika msinkhu wa katemera ndi ana odwala amene sangalandire. Ku England chiwerengero cha ana a zaka ziwiri olandira MMR chidatsika kuchoka pa 92 pa 100 aliwonse chapakati pa zaka za m'ma 1990 kufika pa 80 m'chaka cha 2003 ndi 2004, ndipo m'madera ena a London chidatsika koposa apo.

Zotsatira zake zidabwera pang'onopang'ono. Ku England ndi Wales anthu otsimikizika kuti adadwala chikuku adali 56 m'chaka cha 1998. Mu 2008 adaposa 1,300, ndipo chaka chimenecho akuluakulu a zaumoyo adalengeza kuti nthendayo yakhazikikanso m'dzikomo, patapita zaka 14 chiigonjetsere. Mu 2006 mnyamata wa zaka 13 adamwalira nayo, imfa yoyamba ya mtundu umenewo kuchokera mu 1992. Ku Ireland, kumene mantha omwewo adafika, mliri wa m'chaka cha 2000 udapha ana atatu ku Dublin. Ku Swansea, m'dziko la Wales, mliri wa 2012 ndi 2013 udagwira anthu pafupifupi 1,200, munthu mmodzi namwalira. Ambiri mwa odwalawo adali a zaka za pakati pa 10 ndi 18, ndiye kuti ana omwe aja amene adali makanda pa nthawi ya phokoso.

Mtolankhani amene adafunsa

Chimene chidaonongedwa ndi utolankhani chidavumbulidwanso ndi utolankhani. Brian Deer, wolembera The Sunday Times, adachita zimene anzake ambiri sadachite m'zaka zisanu ndi chimodzi: adafunsa kumene ana 12 aja adachokera ndi amene adalipira ntchitoyo. Pa 22 Febuluwale 2004 nyuzipepalayo idaulula kuti Wakefield adali kugwira ntchito ndi loya amene ankakonza mlandu wosumira makampani opanga katemerayo, kuti bungwe la boma lothandiza anthu pa milandu lidapereka mapaundi 55,000 a kafukufuku wothandiza mlanduwo, ndi kuti ena mwa anawo adali a makolo a mu mlandu womwewo. Owerenga The Lancet sadauzidwe zimenezi. Pambuyo pake Deer adapezanso kuti Wakefield adalandira mapaundi oposa 400,000 pa ntchito ya mlanduwo, ndi kuti mu 1997 adapempha kulembetsa umwini wa katemera wina wa chikuku chokha.

Mu Malichi 2004 anthu 10 mwa olemba 13 aja adabweza poyera tanthauzo limene nkhani yawo idapereka lokhudza katemera. Bungwe loyang'anira madokotala ku Britain, General Medical Council, lidayamba kumva mlandu mu 2007, ndipo pa 28 Januwale 2010 lidagamula kuti Wakefield adachita mosakhulupirika ndi mosasamala, ndi kuti ana adapimidwa ndi njira zopweteka, monga kulowetsa chipangizo m'matumbo ndi kutunga madzi a mumsana, popanda chilolezo choyenera. Pa 2 Febuluwale 2010 The Lancet idafafaniza nkhani yonse ija, ndipo mu Meyi chaka chomwecho Wakefield adachotsedwa m'kaundula wa madokotala. Mu Januwale 2011 magazini ya British Medical Journal idasindikiza zimene Deer adapeza poyerekeza nkhaniyo ndi makalata a kuchipatala a anawo: ana asanu adali ndi zizindikiro za vuto la kakulidwe asanalandire katemera, pamene nkhaniyo idati onse adali bwinobwino. Akonzi a magaziniyo adaitcha ntchitoyo chinyengo. Kulungama kumafunanso kuti zinenedwe kuti Wakefield adakana milandu yonseyi, ndi kuti mnzake Pulofesa John Walker-Smith, amene adachotsedwa naye limodzi, adapambana apilo ku bwalo lalikulu la milandu mu 2012.

Deer sadali dokotala kapena katswiri wa sayansi. Zida zake zidali zomwezo zimene mtolankhani aliyense amagwiritsa ntchito pofufuza nduna kapena kampani: makalata, masiku, ndalama ndi kudekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mlandu si wa atolankhani okha

Nkhani ya sayansi imadutsa m'manja ambiri isanafike kwa womvera. The Lancet idavomereza kusindikiza kafukufuku wofooka pa nkhani yoopsa, ndipo idatenga zaka 12 kuti imufafanize. Chipatala chidaitanitsa msonkhano wa atolankhani pa nkhani ya ana 12. Mchitidwe wokometsera zinthu zisanafike kwa mtolankhani sudathere pamenepo. Kafukufuku wosindikizidwa mu British Medical Journal mu 2014 adaunika zikalata 462 zimene mayunivesite 20 a ku Britain adatumizira atolankhani mu 2011 zolengeza kafukufuku wa zaumoyo. Pafupifupi chimodzi pa zitatu zilizonse chidanena kuti chinthu china chimayambitsa chinzake pamene kafukufukuyo adangoona kuti ziwirizo zimapezekera limodzi, ndipo zambiri zidanena za anthu pamene zoyesazo zidachitikira pa nyama. Pamene chikalata chidakokomeza, nyuzipepala nazo kawirikawiri zidakokomeza. Tsono mtolankhani wongokopera chikalata cha ku yunivesite amasenza cholakwa cha wina napita nacho kwa anthu m'dzina lake.

Zimene zidaphunziridwa

Pali mafunso amene mtolankhani angafunse pa kafukufuku watsopano aliyense popanda kukhala katswiri. Kodi adayesedwa ndi anthu angati, nanga adasankhidwa bwanji? Kodi padali gulu loyerekezera? Kodi zidayesedwa pa anthu, pa mbewa kapena m'botolo? Kodi wofufuzayo akunena zimene zili m'nkhani yake kapena wapitirira? Adalipira ntchitoyo ndani, nanga apindule ndani anthu akakhulupirira? Kodi akatswiri ena a nkhani yomweyo, osagwira naye ntchito, akuti chiyani? Ndipo pamwamba pa onse, kodi chatsopanochi chikuima pati pakati pa zonse zimene zidapezeka kale? Mayankho a mafunso amenewa malo ake ndi kumayambiriro kwa nkhani ndi m'mutu wake, pakuti owerenga ambiri safika ku ndime yomaliza kumene chenjezo limakonda kubisidwa.

Nyumba zina zoulutsira mawu zidadziunika. M'chaka cha 2011 bungwe loyang'anira BBC lidasindikiza lipoti la Pulofesa Steve Jones, katswiri wa za chibadwa cha zamoyo, lonena za mmene nyumbayo imaulutsira nkhani za sayansi. Lipotilo lidayamikira zambiri, koma lidadzudzula chizolowezi chopereka malo ofanana kwa maganizo a anthu ochepa ndi kwa mfundo zokhazikika, ndipo lidatchula MMR ngati chitsanzo. Uphungu wake udali wakuti mbali iliyonse ipatsidwe malo molingana ndi kulemera kwa umboni wake. Izi sizitanthauza kutseka pakamwa wotsutsa. Wotsutsa amveke, koma womvera auzidwe momveka kuti wotsutsayo ali ndi anthu angati ndi umboni wotani. Ku London kudakhazikitsidwanso mu 2002 bungwe la Science Media Centre, lothandiza atolankhani kupeza msanga akatswiri oti aunike kafukufuku watsopano nkhani isanatuluke.

Udindo womaliza ndi wa kukonza cholakwa. Magazini ya Private Eye, imene mu 2002 idatulutsa kope lapadera lokhalira kumbuyo Wakefield, idavomereza mu 2010 kuti idalakwa pa nkhani ya MMR. Nyuzipepala zambiri zimene zidaika manthawo pa tsamba loyamba kwa miyezi sizidachite chimodzimodzi. Zidalemba za kugwa kwa dokotalayo ngati kuti izo zidangoonerera. Komabe ngakhale kukonza kochokera pansi pa mtima sikufika kulikonse kumene mantha adafika, pakuti madzi akatayika sawoleka. Kholo limene lidamva mu 2002 kuti akatswiri sakugwirizana silidali ndi chifukwa chotsatira mlandu wa masiku 217 patapita zaka zisanu ndi zitatu.

M'chaka cha 2017 bungwe la World Health Organization lidalengeza kuti United Kingdom yathetsa kufala kwa chikuku m'dziko mwake. Mu 2019 lidabweza chilengezocho, nthendayo itayambanso kufala. M'chaka chomwecho cha 2019 akatswiri a ku Denmark adasindikiza kafukufuku wina, wa ana 657,461, ndipo adapezanso zomwe zija: katemera wa MMR sawonjezera autism, ngakhale mwa ana amene abale awo ali ndi vutolo. Patapita zaka 21 chichitikire msonkhano wa ku Royal Free, akatswiri adali kuthera ndalama ndi nthawi kuyankha funso limene lidayankhidwa kale, chifukwa makolo ambiri adali asanaleke kulifunsa. Makolo amenewo sadawerengepo The Lancet, ndipo palibe amene angawadzudzule pa chimenecho. Zimene adadziwa za katemera wa ana awo adazimva pa wailesi ndi kuziwerenga m'nyuzipepala, nasankha molingana ndi zimene adauzidwa.